Dongo Loyera la ku Rivirivi

Rivirivi, Balaka
12 Febuluwale 2024

Okondedwa achimwene a Enock,

Ndikhulupirira muli bwino ku Limbeko. Kuno kupuma tikupuma, koma njala yatipinda. Chimanga chapserera m'munda, ndipo ana anga akugonera phala la madeya, nalonso la apo ndi apo.

Mwezi watha kudabwera anthu ofufuza, wamkulu wawo a Yotamu. Akufuna dongo loti aziwotcha n'kusakaniza mu simenti, ati simenti yotero poipanga situlutsa utsi wambiri wowononga nyengo. Adati ife owumba miphika tiwabweretsere dongo, ndipo wobweretsa labwino alandira thumba la chimanga. Anzanga onse adathamangira kumtsinje komwe timatapa nthawi zonse. Ine iyayi.

Achimwene, mundikhululukire. Mukukumbuka tsiku loika ababa, adzukulu atafukula dothi loyera ngati ufa? Mulu wotsala udakalipo pambali pa mtumbira. Ndidalowa kumanda ndekha, dzuwa likuswa mtengo, osapempha kwa amfumu, n'kutapa chidebe chimodzi. Manda a ababa sindidawakhudze, Mulungu ndi mboni.

Tsoka ilo, dongo langa ndi lomwe lapambana. Dzulo a Yotamu adafika ndi thumba lija akusekerera.

"Amayi, ili ndiye dongo! Lachisanu tibwera ndi galimoto mudzatisonyeze pomwe mudakumba. Amfumu ndi mudzi wonse adzakhalapo."

Ndidangoti, "Chabwino, bambo."

Atangochoka, a Matilda oyandikana nane aja adasuzumira pampanda.

"Anzathu, dongo loyera chonchi kumtsinje kulibetu. Paja tsiku lija ndidakuonani mukutuluka mumsitu ndi chidebe, eti?"

Kenaka adapempha chimanga. Ndidawapungulira mbale ziwiri. Lero m'mawa abweranso, ndipo pakamwa pawo mukupadziwa.

Ndikuopa, achimwene, mtima suli m'malo. Mukudziwa dzina lomwe amamupatsa mkazi wopezeka yekha kumanda, makamaka chaka chomwe mvula yakana. Pachitsime ayamba kale kufunsana kuti waimanga ndani. Ndikawalozera kwina a Yotamu, akayeza dothilo ndipo bodza langa lidzaululika anthu onse akuona. Ndikawatengera kumanda, sindikudziwa ngati ndidzabwerako ndi miyendo yanga.

Chonde bwerani Lachisanu lisanafike, mukandiperekeze kwa amfumu ndikadziulule ndekha. Inu ndinu mwini mbumba, mawu anu akawamva. Mbuzi ya chindapusa akaitchula tidzaona pomwepo. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa minibasi kuti ikupezeni lero.

Moni kwa alamu anga ndi ana onse. Mukalephera kubwera sindidandaula, ntchito ndi ya eni. Koma ana angawa, Favour ndi Luckness, ndiwakweza minibasi Lachinayi m'mawa, alamu akawachingamire pa depoti. Ndawauza kuti akukangocheza kwa amalume. Zovala zawo zonse ndamanga, pamodzi ndi mabuku awo a kuchipatala. Luckness amaopa mdima, musamamugoneke yekha.

Ine mlongo wanu,
Dailesi