Msana wa a Gord

Lachinayi, 16 Okutobala

Msonkhano wathu wa opanga mawebusayiti wayamba lero, ine mutu waima kale. Otsegulira, monga chaka chilichonse, ndi a Gord MacIsaac, amene anauyambitsa muno mu Halifax ndiponso anandiphunzitsa ntchitoyi ndili mbuli. Dzulo ndinawachonderera kuti ajambuliretu kanema wa zomwe akufuna kuonetsa. Iwo: "Renée, wojambuliratu ndi wamantha. Ine ndimalemba khodi ya webusayiti anthu akuona."

Chabwino. Alemba, webusayiti yakana kutseguka. Basi atifulatira, mphuno pasikirini, kusakasaka pomwe alakwitsa. Holo yonse ikupaona, anthu mpaka kukuwa, "Mzere wachitatu! Mzere wachitatu!" Iwo ayi ndithu, akusaka kwina. Nthawi yatha nkhani isanayambe n'komwe. Ndinasowa pobisa nkhope.

Lachisanu, 17 Okutobala

Ndemanga za omvera zayamba kulowa. Anthuwa koma! Tawafunsa za olankhula, iwo akuti khofi anazizira. Wina akuti mpando wake umalira. Mayi wina wafotokoza bwinobwino za kuteteza mawebusayiti kwa akuba, ndemanga yake: "Azimwetulirako." Umwetulire ndiwe, chitsiru.

Za a Gord ndiye zosayamba. "Agogo akapume." "Ndinabwera kudzaphunzira, ndaphunzira msana wa munthu." Yamsanayo ndaseka, kenako ndadzida.

Loweruka, 18 Okutobala

Komiti. Tanvi, wapampando wathu, wakumbutsa lamulo: amene omvera amupatsa nyenyezi zosakwana zitatu pa ndemanga zawo, chaka chamawa salankhula. A Gord sanafike ngakhale ziwiri. Ndati tiwakhululukire kamodzi kokha. Tanvi akuti, "Lamulolo analemba ndi iwo omwe, ndipo anachotsa nalo anthu ambiri osaphethira."

Declan, pakamwa podzaza donati: "Ukawauze ndiwe, paja ndiwe mwana wawo wapamtima." Onse kugwedeza mitu. Amantha okhaokha.

Lolemba, 20 Okutobala

Foni ndaigwira, ndaibweza. Mawa.

Lachitatu, 22 Okutobala

A Gord ndawaimbira dzulo, lero anditengera ku kalesitilanti kawo ka nsomba ndi tchipisi ku Dartmouth, pagalimoto yawo. Ndisanatsegule pakamwa ayamba iwo. Akuti intaneti ya muholo inali yaulesi. Akuti makina oonetsera zithunzi aja ngachikale. Akuti ana a masiku ano sadziwa kudikira. Chaka chamawa, akuti, adzalemba pulogalamu yonse kuyambira pachiyambi, anthu adzangoti kukamwa yasa.

Mtima unandikwera. Ndinati, "A Gord, intaneti inalibe vuto! Anthu amakukuwirani mzere wachitatu, inu osamva za munthu. Mumakakamiriranji? Chaka chamawa simulankhula, latero ndi lamulo lanu lomwe." Ndinawawerengeranso ndemanga, ndi yamsana yomwe. Sindinafune kufika pamenepo, koma ananditopetsa.

Anatembenuzatembenuza tchipisi ndi foloko. Kenako: "Kukuwako ndinakumva."

"Nanga?"

Anaitanitsa khofi wina, osamwa.

Titatuluka anaima pambali pa galimoto nthawi yaitali, akusisita makiyi. Ine ndikunjenjemera ndi mphepo, ukali usanathe. Kenako anandiponyera makiyiwo padenga la galimoto.

"Yendetsa ndiwe, mwanawe. Mzerewo ndinauyang'ana ndithu, koma masowa, zilembo zinangosakanikirana. Ndi zikwangwani za mumsewu zomwe. Mkazi wanga Joanne kunyumba sindinamuuze."

Galimoto imeneyi ngakhale mwana wawo wobereka okha sanaigwirepo. Ndinakokera mpando kutsogolo, iwo n'kuzungulira kukakhala mbali inayo.