Sanitaiza waulula mipando ya kandege kotchipa

Agogo,

Ndine bambo wachikulire ndithu. Kuno ku Dubai ndimapukuta m'kati mwa tindege tating'ono tobwereketsa kwa anthu olemera, tija tonyamula anthu asanu ndi mmodzi. Chibwerere korona, olemerawa akuopa kuthithikana m'ndege zikuluzikulu, ndiye ntchito yathu yachita kusefukira mpaka abwana akufuna kugula kandege kena.

Apa ndiye pabuka mpikisano wokoma. Kampani yakale yopanga tindegeti itatchula mtengo, ina yongoyamba kumene inatchula wotsika. Yakale inatsitsa, yatsopano n'kutsitsanso, ngati amayi a tomato mumsika wa Limbe. Onse anabweretsa tindege tawo kuti tiyesedwe, ndipo wopukuta ndinali ine.

Tsono tamverani. Masiku ano ulendo ukatha timapopera sanitaiza pamipando. Nditapopera m'kandege ka kampani yatsopano, nsalu yanga yoyera inatuluka yofiirira. Utoto wa chikopa ukusuluka. Nsaluyo ndasunga.

Lachiwiri abwana anandiitana pamaso pa mapailoti, nati, "Baba, mipando mumaidziwa ndinu. Tigule kati?" Agogo, ine wosapita kusukulu kufunsidwa nzeru za ndege! Ndinasekerera mpaka masiki kutsetsereka. Koma wogulitsa kotchipako, ka kampani yatsopano kaja, ndi Gideon wa ku Chipata, amene amanditchula atate, ndipo akuti akagulitsa kameneka ntchito yake ikhazikika. Ndiye ndinangoti, "Inshallah, Mulungu akalola." Abwana anaphulika nako kuseka: "Ayi baba, inshallah yozembera ndi yathu, timaidziwa. Lamlungu mundiyankhe zenizeni."

Ndiulule, kapena nditseke pakamwa?

P.K., Muhaisnah, Dubai

Bambo P.K.,

Ndasangalala nanu! Abwana anu sanalakwitse munthu womufunsa.

Ululani, koma yambani ndi Gideon, lero lomwe. Muitanireni pambali, mumuonetse nsaluyo, kenako mupopere limodzi pampando wina kuti aone ndi maso ake. Kandegeko kakagulidwa, mipando n'kuchita mawangamawanga mwezi usanathe, woyamba kugwa nkhope ndi iyeyo, wotsatira ndinu. Panopa kampani yake ili ndi njala ya makasitomala moti ikuchita kugwetsa mitengo. Akaimbira foni mabwana ake msanga, kusintha chikopa sikungawakanike. Mwana amene amakutchulani atate mumamuthandiza chomwecho.

Ka kampani yakaleko kayeseninso, ndi nsalu ina yoyera, kuti wina asadzati munakondera. Lamlungu mukayale nsalu zonse ziwiri patebulo la abwana, ndipo ngati n'kotheka Gideon akhalepo, anene yekha zimene kampani yake yalonjeza.

Chenjezo langa ndi ili: ulemu mwalandirawu usakuledzeretseni. Akakufunsani za injini kapena mafuta, lozani mapailoti. Inu nenani zimene nsalu zaonetsa, mulekere pomwepo. Kusankha n'kwa wogula.

Agogo