Ndinabweza Mbale ya Sadaka Chivundikirire

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 36, ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ndipo ndine dikoni kumpingo kwathu. Ndikukhala chikamwini kwa Nsabwe. Mwezi watha apongozi anga aakazi anachita sadaka yokumbukira malemu amuna awo. Chakudya chisanagawidwe, ndinaona malume a mkazi wanga akutsira thobwa ndi ufa patsinde pa mtengo, akuitana mizimu ya makolo.

Mkazi wanga Vailet atandibweretsera mpunga wa nkhuku umene mayi ake anandipakulira okha, mtima unakana. Ndinabweza mbaleyo chivundikirire, osanena kanthu.

Madzulo ake apongozi anafunsa Vailet kuti, "Kodi bambo a Madalo akuganiza kuti ndinathiramo mankhwala?" Chichokereni tsikulo sayankha moni wanga, Vailet amangolira, ndipo ankhoswe akumana Loweruka. Banja langa ndimalikonda, komanso sindifuna kuchimwira Mulungu. Nditani?

S.M., Thyolo

A S.M.,

Chikumbumtima chanu sindikangana nacho. Akhristu ena amapempherera chakudya chotere n'kudya, podziwa kuti nkhuku ndi ya Mulungu. Ena mtima suwalola, ndipo munthu wodya uku mtima ukumutsutsa sapeza mtendere. Zimenezo kakambiraneni ndi abusa anu mofatsa.

Pamene munaphonya ndi pa kukhala chete. Mwakulira kumudzi inu, mukudziwa kuti mbale yobwerera yosakhudzidwa imanena kuti wophikayo ndi mfiti. Inu mumakana nsembe, koma mayi wamasiyeyo anamva kuti mkamwini akumuyesa wakupha, pa tsiku lolira mwamuna wake. Zinandimvetsa chisoni.

Musadikire Loweruka. Tsiku lomwe mwawerenga yankholi, mukaweruka kumunda, sambani, mutenge Vailet ndi nkhoswe yanu mukagwade pakhonde pawo. Pepesani kaye, kenaka fotokozani mwachidule kuti chinakuvutani ndi mwambo uja, osati dzanja lawo. Mukatero apempheni akuphikireni tsiku wamba, ngakhale nyemba za kalongonda. Sadaka ina ikamadzabwera, dzaneneni kudakali masiku kuti simudzadya, koma nkhuni mudzawaze, mipando mudzanyamule.

Chenjezo langa ndi ili, a dikoni: Baibulo lanu litsale kunyumba, chifukwa kupepesa kukasanduka ulaliki mudzabwerako mlandu utakula. Ndipo akakuphikirani, kaya mchere wachuluka, mbale ya ulendo uno ibwerere yopanda kanthu.

Aphungu