Furiji Yobwereka ndi Mwendo wa Nkhosa

Msonkhano wa Komiti ya Oweta Ziweto a m'Chigwa cha Tamir
Tsiku: 14 Juni 2023
Malo: M'hema mwa Wapampando
Opezeka: Tsogtbayar (Wapampando), Dulmaa (Mlembi), Lkhagva (dalaivala), Mayi Nyamjav
Osapezeka: Gombo (akuti ngamira yasowa)

1. Katemera woonongeka

Wapampando anakumbutsa kuti sitolo inatibwereka furiji yaikulu ya m'galimoto kuti tiiyese tisanagule. Lkhagva anazungulira nayo m'mahema atanyamula katemera wa mbuzi. Katemerayo anafika atatentha, ndipo watayidwa yense. M'furijimo munapezeka mwendo wa nkhosa, mkaka ndi tchizi. Wapampando anati Lkhagva achotsedwe ntchito.

Mayi Nyamjav anati, "Ndimadabwa ine, mimba ya Lkhagva yakula bwanji chonchi chilimwe chisanafike pakati?"

Lkhagva anayankha kuti, "Achemwali, nkhosa ndilibe ine. Mwendowo ndinaubala?"

Mlembi anapempha kuti anthu asiye kuzungulira, aliyense anene chimene anaikamo.

2. Zimene zinatuluka

Mayi Nyamjav anavomera kuti mkakawo ndi wawo, anauika ukadali wofunda, chifukwa pamwambo wathu chotengera chikalowa pakhomo sichituluka chopanda kanthu. Anati, "Mumafuna anthu anene kuti kwa Nyamjav n'koumira?"

Tchizi akuganiziridwa kuti ndi wa Gombo. Za ngamira ija komiti ikukayika.

Za mwendo, Lkhagva anati unali ndi chizindikiro cha utoto wobiriwira pa ubweya wa pachiboda. Nkhosa za utoto wobiriwira m'chigwa muno ndi za khomo limodzi. Wapampando anati akazi awo ndi munthu waulemu kwambiri, ndipo anapempha kuti zimenezi zisalembedwe. Zalembedwa.

3. Chisankho

Lkhagva apitiriza ntchito. Wapampando anapepesa, koma motsitsa mawu.

Anagwirizana kugula furiji yaing'ono, yosadya batire, yoti katemera akalowa musatsale malo ngakhale a supuni. Ikhale ndi loko, ndipo isamatsitsidwe m'galimoto. Ikapanda kulowa m'hema, palibe amene achite nayo manyazi.

4. Zina ndi zina

Furiji yaikulu ibwezedwa kusitolo mawa. Mayi Nyamjav anafunsa kuti, "Yopanda kanthu?"

Wapampando apereka mwendo winawo kuti uikidwemo.

Msonkhano wotsatira: 12 Julayi, Gombo adzabwere ndi ngamirayo. Tinatseka nthawi yokama mkaka.

Tsogtbayar, Wapampando ____________
Dulmaa, Mlembi ____________