Nsomba ya Malemu Siyezedwa

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA CHIPINDA CHOZIZIRA CHA PANSI

Tsiku: Loweruka, 9 Ogasiti
Malo: Pakhomo pa chipindacho, poti mkati mukudontha
Analipo: Wapampando, Msungichuma, Anamwino, Amakanika, Amake Mapasa, ndi ine Mlembi
Sanabwere: Wometa (akuti fungo la pansipo limamupweteketsa mutu)

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano pokumbutsa mamembala kuti chipindachi anakumba ndi makolo athu m'nthaka ya kuno kozizira kwambiri, yomwe inkakhala youndana ngati ayezi chaka chonse, ndipo banja lililonse linali ndi shelefu yosungirapo nyama ndi nsomba popanda magetsi. Anati tili ana tinkatsikiramo kunja dzuwa likuswa mtengo, n'kutuluka nsidze zili mbuu ndi chisanu. Anayamba kutchula okumba aja mmodzimmodzi mpaka Msungichuma anatsokomola.

2. Mmene chipinda chilili
Amakanika anati khoma lomwe kale linkabweza piki lero likubooka ndi chala, ndipo makwerero apendama. Anamwino anati dziko likutentha, chilimwe chikutalika chaka ndi chaka, nyama yayamba kufewa, ndipo sakufuna kudzalandira komiti yonse kuchipatala. Msungichuma anapempha kuti tidikire nyengo yozizira, mwina nthaka igwiranso. Amakanika anayankha kuti, "Achimwene, madzi akatayika saoleka."
Chigamulo: chipinda chitsekedwe mawa.

3. Shelefu ya Amake Mapasa
Wapampando anati mashelefu onse ayera kupatula imodzi. Pamenepo pali nsomba yomwe malemu amuna a Amake Mapasa, amenenso anali akulu anga, anagwira pa ulendo wawo womaliza. Anaitsitsa okha itakulungidwa m'saka, osaonetsa munthu, kenako anagonekedwa m'chipatala. Kumeneko aliyense wodzawazonda ankamuonetsa kukula kwake ndi mikono, ndipo mikonoyo inkatambasuka kwambiri tsiku ndi tsiku. Chimwalirireni, alamu anga sanamasulepo sakalo. Amangotsika kukaliona.

Amakanika anatulutsa tepi yoyezera m'thumba. Anati iwo ndi malemu anakangana za nsombayi mpaka tsiku lomaliza, ndiye iyezedwe, mlandu uthe.

Amake Mapasa anakana. Anati, "Bambo inu, nsomba ikadali m'saka, amuna anga akadali kukamba nkhani yawo. Mukaiyeza muwatseka pakamwa kachiwiri."

Anamwino ananena mofatsa kuti nsombayo yafewa, siingadyedwe, ndipo anafunsa ngati ingakhale m'firiji ya kunyumba. Amake Mapasa anati anayesa kale, chitseko chinakana kutsekeka. Amakanika anati, "Aa, ndiye kuti mnzanga uja sankanama kwambiri!" Onse anaseka. Amake Mapasa anasekanso, kenako anayamba kulira. Anati ankayesa kuti chipindachi chidzawasungira nsombayo mpaka iwo adzatsatire, osadziwa kuti nthaka nayonso imatopa.

Apa zolembedwa zadumpha pang'ono chifukwa Mlembi anasiya kulemba. Ndimawasowa akulu anga, bodza lawo ndi zonse, ndipo sindipepesa.
Chigamulo: nsomba ikwiriridwe mawa ili m'saka mwake, osamasula. Dzenje akumba Amakanika. Anadandaula kuti kale ntchito imeneyi ikanathyola fosholo, koma lero ayimaliza tiyi asanazizire.

4. Zina ndi zina
Mlembi anafunsa kuti alembe kuti nsombayo inali yaikulu bwanji, poti chilichonse chotuluka m'chipinda chimalembedwa kukula kwake. Wapampando anaimirira, n'kutambasula mikono monga ankachitira malemu, nati kulembedwe choncho.

Amakanika anapinda tepi yawo, n'kuibweza m'thumba. Anaimirira nawonso, natambasula mikono mpaka batani la malaya linaduka. "Wapampando, mwachepetsa," anatero. "Ine ndinali pambali pa bedi tsiku lomaliza. Inkafika apa."
Palibe anatsutsa. Ndalemba muyeso wa Amakanika.

5. Msonkhano wotsatira
Tsiku silinaikidwe. Wapampando anati komiti ilibenso choyang'anira. Amake Mapasa anapempha kuti mamembala abwere mawa m'mawa kudzawathandiza kunyamula, poti nsomba yotere sanyamula munthu mmodzi.

Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 4 koloko madzulo.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________