Ndakujambulani Chakumbuyo

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Likoswe tilipo. Nandolo wabereka chaka chino, koma wothyola ndine ndekha, poti achimwene anabwerera ku Limbe maliro anu atangotha. Alamu anabereka mwana wamkazi ndipo amupatsa dzina lanu. Sindinazolowerebe kumva anthu akungoti Esitere, opanda "a" kutsogolo.

Nkhani yomwe ndakulemberani ndi iyi. Boma lakhazikitsa mpikisano wojambula wa ana a sekondale, ndipo aphunzitsi athu a Fomu 4 andilembetsa. Musaseke. Ndikudziwa mukanati, "Iwe Agi, makala amenewo ndi ophikira, si odetsera khoma langa." Akuti tijambule munthu amene amadyetsa dziko. Anzanga ajambula mathirakitala oti sanawakwerepo. Ine ndinasankha inu.

Koma Amayi, nkhope yanu yandikana. Chithunzi chanu tinalibe, ndipo chiphaso chanu chinasowa tsiku logawana zovala lija. Ndinajambula kasanu. Chachisanucho ndinakaonetsa a Dorofe, anzanu a ku mphakati aja. Anachiyang'anitsitsa, kenaka anati, "Wawajambula bwino mayi ako aang'ono. Mphuno yake yomweyi."

Ndinachita mantha. Chaka chimodzi chokha, mwana wanu n'kuiwala nkhope yanu? Ndinalira njira yonse, sindibisa, ndipo kunyumba kunalibe womuuza.

Lachiwiri ndikupita kumunda ndinakumbukira kuti m'kanjira kaja sindinayendepo kutsogolo kwanu. Munkatsogola ndinu, khasu paphewa, ine pambuyo ndikuyasamula, inu osatembenuka n'komwe: "Fulumira Agi, miyendo waiiwala pamphasa?" Msana wanu wokha ndiye ndikuudziwa bwino. Ndiye ndakujambulani chakumbuyo: duku la mfundo yakumanzere, phewa limodzi lotsika chifukwa cha khasu, zidendene za ming'alu, ndi phiri la Chiradzulu patsogolo panu.

Aphunzitsi akuti oweruza amafuna kuona nkhope, ndiye mwina sindipita patali. Kapena akunena zoona. Koma ndisanakapereke ndinadzeranso kwa a Dorofe. Ndinawapeza akupeta nandolo pakhonde. Ndinangotambasula pepala lija. Anaika lichero pansi.

"A Esitere," anatero chapansipansi, ngati akukuitanani kuti mucheuke.

Tonse awiri tinayang'anitsitsa pepalalo, kudikira.

Chithunzicho chinapita ku boma Lachisanu. Ndakusowani, Amayi, makamaka panjira. Ndikulonjeza kuti akachibweza, chipambane chisapambane, ndidzachikhoma pakhoma lomwe munkandikaniza lija, ndipo m'mawa uliwonse ndizidzanyamukanso pambuyo panu.

Ndine mwana wanu wokukondani, womaliza makala uja,
Agi