Mtedza M'chikhatho cha Bambo

Quelimane, mwezi wa Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Amâncio,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Durban konko, pamodzi ndi mlamu wanga Nokwanda ndi kamwana kathu Belmiro. Kuno tili moyo. Amayi bondo lija likuwavutabe, koma pakamwa ndiye pali bwinobwino.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni iwe sumvera munthu mpaka kumapeto. Unandiuza kuti Disembala simubwera, eti bambo sakumufuna mkazi wako. Unati akamuona pa foni amangoti duu, n'kupereka foniyo kwa amayi, ndipo mwana amene unamutcha dzina lawo sanamuyankhulepo. Unaona bwino, koma unamva molakwa. Waiwala kuti mkazi wako ndi mwanayo Chipwitikizi sachimva? Khala pansi ndikuuze.

Ukudziwa kuti ndikaweruka kusukulu ndimaphunzitsa Chingerezi pakhonde pathu. Amabwera amayi a kumsika, akabaza ndi ena ofuna ntchito m'mahotela. Kwa ine munthu akamayankhula sadulidwa. Akaphonya timapita nazo, tidzakonza tonse pambuyo pake popanda kuloza chala. Akasowa liwu abwereke kwa mnzake, monga timabwerekerana mchere. Aphunzitsi anzanga amati ndimalekerera. Alekeni anene, anthu anga amayankhula.

Miyezi yapitayi ndinazindikira kuti phunziro likayamba, bambo amakhala kuseri kwa windo la pabalaza, eti akukonza wailesi. Wailesi imene inafa iwe usanachoke! Ndinaona milomo yawo ikugwedera kutsatira ife. Ndinangopotoza bolodi kuti liyang'ane kuwindo, n'kuyamba kukweza mawu.

Tsiku lina Dona Zulmira, ogulitsa nkhanu aja, anakakamira pakati pa chiganizo. Amafuna kunena za mdzukulu wawo, liwu osabwera. Anayang'ana uku ndi uku kuti wina awabwereke, onse zii. Kenaka liwulo linatulukira pawindo.

Dona Zulmira anaomba m'manja nati, "Aphunzitsi, windo lanuli lili kalasi yanji?" Kenaka anakuwira m'nyumba: "Bambo Belmiro, mchere mwatibwereka, ndiye tulukani tidyere limodzi. Kapena mukuopa azimayi onunkha nkhanu?"

Anatuluka, mlongo wanga. Atanyamula mpando wawo, malaya atamanga mabatani mpaka pakhosi.

Iwe ukuwadziwa bambo. Zaka zonse za ukalaliki kudoko sanaphonyepo liwu la Chipwitikizi, ndipo ankawongola aliyense, ngakhale ansembe. Tsono itakwana nthawi yoti anene dzina lawo ndi kumene amakhala, anayamba bwino, kenaka lilime linakodwa. Ndiye ndinaona chinthu chimene chikundiwawabe mumtima: dzanja lawo linatambasuka lokha pabondo, chikhatho kuyang'ana kumwamba. Munthu wa imvi mbuu kudikira mbalamatodya, chithabwa chija ankawamenya nacho kusukulu ya mishoni akaphonya liwu. Eni akewo sanadziwe n'komwe kuti atero.

Anatipulumutsa ndi Dona Zulmira. Anamasula mfundo ya nsalu yawo, n'kuthira mtedza wokazinga m'chikhathomo. Anati kuno dzanja likatambasuka timaikamo mtedza, tafunani mupitirize, ifetu nkhanu zikutidikira. Khonde lonse linaseka, bambo nawonso anaseka, ndipo chiganizo chija anachimaliza. Chinali chokhota, koma chinafika.

Kuyambira pamenepo sajomba. Akumabwereka mawu kwa akabaza, bambo omwe aja amene sanabwerekepo ngakhale machesi. Amayi akuti atopa, m'mawa uliwonse akumapatsidwa moni wa Chingerezi ngati agona kuhotela.

Dzulo anandiuza okha, maso ali pa wailesi ija, kuti sakanatha kutsegula pakamwa pamaso pa mpongozi wawo n'kumveka ngati mbuli. Anati bola kuoneka ouma mtima kusiyana n'kusekedwa ndi mwana wawo yemwe. Mwana ameneyo ndiwe, Amâncio. Paja unatengera iwowo, munthu akaphonya umamuwongola asanameze n'komwe malovu.

Tsono pempho langa ndi ili. Lamlungu loyamba la mwezi wamawa, tikabwera kutchalitchi, adzaimba foni okha. Akufuna kupatsa moni Nokwanda, kufunsa mnzawo wa dzina ngati amasewera mpira, ndi kuwaitana adzadye nkhuku ya amayi yophika ndi kokonati. Sindinawalembere, ndi mawu awoawo. Kuphonya adzaphonya, zimenezo ndikukutsimikizira. Usawawongole, usawamasulire, usawamalizire chiganizo. Akakakamira, mwanayo ndiye awabwereke liwu, iwe udzalume lilime.

Ntchito yanga ndimaidziwa, ndipo sindikukayika ngakhale pang'ono kuti akonzeka. Munthu akayankhula kamodzi osapwetekedwa sabwereranso kuseri kwa windo. Koma ukangoseka, ngakhale pang'ono, adzapereka foni kwa amayi, ndipo ine sindidzathanso kuwatulutsa.

Undiperekere moni kwa Nokwanda, umuuze kuti nsalu yake ndamusungira. Belmiro umuuze kuti azakhali ake akumudikira. Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane maso ndi maso Disembala, pakuti ine chipinda ndayamba kale kukonza.

Pa foni sudzaliona, koma ine ndidzakhala pambali pawo, ndipo ndikudziwa kuti dzanja lija lidzatambasukanso pabondo. Dona Zulmira tsiku limenelo sadzakhalapo. Chimene chidzagwere m'chikhathomo chidzachokera kwa iwe.

Ndine mlongo wako,
Orlanda